Vainess ndi mutu wa Lachitatu

Mukafika pamsika wa pa boma pa Chama n'kufunsa mayi wogulitsa mpunga amene sakhala pansi, aliyense akulozerani kwa mlamu wanga Vainess. Ine ndine Tamala, mlongo wa mwamuna wake, ndipo tebulo langa la tomato ndi nsomba zouma linagundana ndi lake. Ndimamuona kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kukakhala kulibe ogula amapeta mpunga umene wapeta kale. Akamaliza amasesa pamene wasesa kale, kenako amachotsa matumba kumanja n'kuwaika kumanzere. Ndikamuuza kuti mlamu, khalani pansi mukundichititsa chizungulire, amangoseka n'kupitiriza.

Anabadwira ku Chikwa, kumadambo, ndipo anakulira m'munda wa mpunga akuingitsa mbalame. Sukulu anailekera panjira mayi ake atayamba kudwaladwala. Mayi akewo mutu unkawavuta, ankaumanga ndi kansalu mpaka mitsempha kutuluka pachipumi, ndipo Vainess naye atatha msinkhu unayamba kumamugwira mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pakapita miyezi. Sankaudandaula. Ankati ndi mutu wa kwawo.

Kenako anakwatiwa ndi mlongo wanga Lawrence. Ndikambe zoona, ngakhale tinayamwa bere limodzi: Lawrence ndi kalipentala wa manja abwino, chitseko chimene wakhoma iye chimatsekeka ndi chala chimodzi, koma kachasu anamulowa m'mafupa adakali mnyamata. Kutsidya kwa mtsinje kuli mayi wina dzina lake Hellen amene amatcheza kachasu, ndipo watsopano amatuluka Lachitatu. Tsiku limenelo Lawrence ankasiya matabwa masana n'kuwoloka. Ankabwera Lachinayi, nthawi zina Lachisanu, wopanda nsapato. Vainess anabereka ana ake, Chance ndi Immaculate, m'nyumba yotero, ndipo anawalera ndi lichero.

Chaka china mu Okutobala, nthawi imene kuno kuchigwa nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, amayi otunga madzi anamupeza Lawrence atagona pamchenga wa mumtsinje dzuwa lili pamutu. Milomo inali itang'ambika, maso atatembenuka. Anamunyamula pangolo kupita naye kuchipatala. Ine nditamuona ndinayamba kuganiza za bokosi, ndipo ndinakwiya kuti kalipentala wa pabanja ndi yemweyo amene akufa. Koma anamuika madiripi, ndipo tsiku lotsatira anatsegula maso n'kupempha phala.

Kuyambira pamenepo sanamwenso. Tonse tinati dzuwa lija linamuopseza. Sabata yomweyo Vainess anayamba kusala kudya Lachitatu lililonse, kuchokera dzuwa likutuluka mpaka litalowa, osalawa ngakhale madzi. Palibe anafunsa. Kutchalitchi kwathu amayi ambiri amasala, ena chifukwa cha mayeso a ana, ena chifukwa cha mvula, ndipo si ulemu kufunsa munthu zimene akukambirana ndi Mulungu wake.

Mutu uja wa kwawo ndi pamene unasintha khalidwe. Unasiya kubwera ngati mlendo, unakhala wapakhomo. Dzuwa likangopendeka pang'ono Lachitatu ndinkamuona Vainess akuphethira ngati walowa chitsotso m'diso. Ankati, "Mlamu, zayamba." Ankaona tinthu tonyezimira tokhotakhota m'mbali mwa diso, monga zimachitira dzuwa likamenya malata atsopano. Nkhope ya wogula ankaiona theka. Zikatha zimenezo mutu unkayamba kugunda mbali ya kumanzere, kuchokera m'diso mpaka m'khosi, ndipo nseru inkamugwira. Wailesi ya anyamata ogulitsa mafoni inkamubaya m'makutu. Nsomba zanga ankati zikununkha ngati chakufa, ndizivindikire. Nsomba zanga, zimene anthu a m'maofesi amazilimbirana. Ndinkazivindikira, nanga ndikanatani. Kenako ankasiya tebulo m'manja mwanga n'kupita kunyumba akuyenda chogwira mipanda, kukagona m'chipinda atatchinga windo ndi bulangeti.

Pamsika aliyense ndi dokotala. Wogulitsa zovala za salaula anati ndi malungo obisala, Vainess anamwa mankhwala a malungo, mutu unabwera. Wina anati ndi maso, anabwereka magalasi a mphunzitsi wina wopuma ntchito, anangopunthwa nawo pamwala. Azakhali ake anachoka ku Chifunda ndi lezala ndi mankhwala akuda m'kabotolo, anamutema mphini m'mbali mwa mutumu, ndipo zipsera zilipo mpaka manje. Lachitatu lotsatira mutu unafika pa nthawi yake. Ena anayamba kunong'ona kuti mpunga wake umayenda malonda kwambiri, pali amene wamuponyera. Ena anati ndi vimbuza, akavinidwe. Zimenezo ndinazikana ine, chifukwa munthu amene akulephera kupirira kulira kwa tambala mungamuike bwanji pakati pa ng'oma?

Iye mwini anaganiza zake. Ataona kuti mutu ukukula anati ndiye kuti sakupemphera mokwanira, ndipo anawonjezera kusala Lachisanu. Mutu nawo unawonjezera Lachisanu. Panado ankagula, koma tsiku losala ankamumangirira pamfundo ya chitenje kudikira kuti dzuwa lilowe, popeza piritsi limafuna madzi. Dzuwa likalowa ankamwa, n'kusanza nthawi yomweyo. M'mawa mwake ankamwa kawiri katatu kubwezera. Anawonda, makosi anatuluka, koma kupeta sanasiye.

Tsiku limene ndinatopa nazo linali Lachitatu, patapita zaka, mu Okutobalanso. Panabwera mayi wa yunifolomu kudzagula mpunga. Vainess anatunga ndi mbale n'kuthira pambali pa pepala, mpunga wonse waa pansi. Anatunganso, n'kuthiranso pansi. Ndinati mlamu, mukutani? Anatembenuka kuti andiyankhe koma mawu anatuluka osokonekera, ndipo ankayang'ana dzanja lake akulipinda ngati si lake. Bambo athu sitiroko inawayamba choncho.

Ndinaitana wa njinga yamoto. Vainess ankakana, akuti zipita zokha. Ndinamuuza kuti akapanda kukwera ndimubereka kumbuyo msika wonse ukuona, ndipo amadziwa kuti ine sindikamba zongoopseza.

Kuchipatala tinapeza a Damaris, dokotala wachitsikana amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Kabwe. Chisenga chathu samva, tinakamba Chinyanja. Pofika pamenepo mawu a Vainess anali atabwerera, koma mutu unali utayamba ndipo anali atadziphimba kumaso ndi chitenje. A Damaris anazimitsa getsi, anamubaya chala kuyeza malungo, anayeza bipi, anamuunika m'maso ndi katochi. Anamuuza agunditse chibwano pachifuwa, afinye zala zawo ndi manja onse, aonetse mano, ayende mpaka pachitseko. Anafunsa ngati thupi limatentha, ngati anakomokapo, ngati anagwapo n'kumenyetsa mutu. Kenako anafunsa za tonyezimira tija, ndipo Vainess anavundukula chitenje n'kuwayang'ana, chifukwa sanawauze.

"Mwadziwa bwanji?"

"Simuli nokha, amayi. Uwu ndi mutu waching'alang'ala. Kwa ena umayamba ndi tonyezimira, kwa ena dzanja limachita dzanzi, lilime limalemera, kenako zimabwerera. Umayenda m'magazi. Kwanu alipo anali nawo?"

"Amayi anga."

"Mwaona. Sitiroko sindikuiona lero, malungo mulibe, bipi ili bwino. Koma dzanja likadzafooka osabwerera, kapena mutu ukadzabwera mwadzidzidzi wosiyana ndi umene mwazolowera, kapena khosi kuuma ndi kutentha thupi, musadzadikire aliyense. Manje ndiuzeni, lero mwadya chiyani?"

Vainess anayang'ana pansi. Ine ndinati, "Lero ndi Lachitatu, adokotala. Samadya, samamwa."

"Nanga mutu umabwera liti?"

"Lachitatu. Ndi Lachisanu, chiyambire kusala Lachisanu."

Nditakamba ndekha choncho ndinamva manyazi mpaka m'makutu. Zaka zonsezi ndili pambali pake ndikuvindikira nsomba, osalumikiza zinthu ziwiri zogundana ngati matebulo athu.

A Damaris anafotokoza kuti mutu umenewu sutheratu, munthu amakhala nawo, koma uli ndi zimene zimaudzutsa: njala, ludzu, dzuwa, kusagona, kwa amayi ena nthawi ya kumwezi. Anati munthu wa mutu wotere kukhala tsiku lonse pamsika wa Chama wopanda dontho la madzi ndi kuuitana dala. Anati piritsi limagwira ntchito ukalimwa pamene tonyezimira tangoyamba, osati mutu utakhwima, ndiponso kumwa panado tsiku ndi tsiku kumabweretsa mutu wina pamwamba pa woyambawo. Analemba mankhwala ena a tsiku lililonse oti achepetse kubwera kwake. Kenako anatunga madzi m'kapu n'kuika mapiritsi m'dzanja la Vainess.

Vainess anayang'ana pawindo. "Dzuwa silinalowe."

"Amayi, inenso ndimapemphera, ndimasalanso. Koma odwala amaloledwa. Kafunseni abusa anu."

"Zikomo, adokotala," anatero, n'kuika kapu patebulo bwinobwino osataya dontho.

Titatuluka ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, ndipo ndinamukalipira. Ndinati mukufuna kufa kuti ana akalere ndani? Ndinati ndi Mulungu uti amene amakondwa kuona mayi akusanza ndulu? Anandisiya ndikambe mpaka mate kuuma. Kenako, maso ali otseka, analoza windo la wodi ya amuna.

"Mlamu, bedi lija lili apo. Tsiku lija atate ake Chance ali pamadiripi ndinagwada pansi pake. Ndinati Ambuye, mukamudzutsa n'kumuchotsera mowa, Lachitatu lililonse ine sindidzaika kanthu pakamwa. Anadzuka. Sanawolokenso. Manje inu mukuti ndimwe madzi? Ndikamwa ine Lachitatu, iwonso akamwa. Mutu ndingathe kupirira. Kuja tinachoka sindingathe kubwererako."

Ndinamva chisoni, ndinamvanso mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali wa pa mlongo wanga amene ankanenepa akutamandidwa kutchalitchi kuti anagonjetsa mowa. Vainess anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisamuuze. Sindinavomere, ndinangoti tiyeni kunyumba.

M'mawa mwake ndinapita ku shedi ya Lawrence. Ndinamupeza akupala thabwa. Ndinamuuza zonse, za a Damaris, za kapu ya madzi, za pansi pa bedi, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinayembekeza kuti aseka n'kunena kuti akazi mumaganiza zambiri. Sanaseke. Anasiya kupala n'kukhala pathabwa lomwelo.

"Achemwali," anatero, "mukuganiza kuti chilakolako chinatha? Lachitatu masana anzanga a mowa, a Jack ndi a Meshack, amadutsa pano akupita kutsidya. Amandiitana. Pakhosi pamauma, miyendo imayabwa. Chimene chimandigwira n'chakuti ndimadziwa kuti amake Chance abwera akudwala. Pafunika wotchinga windo, wotaya beseni, wophikira ana. Ndimathamangira kunyumba. Dzuwa likamalowa ndimapeza kuti tsiku ladutsa." Anapukuta kumaso ndi malaya. "Manje akachira, Lachitatu ndizikatani?"

Apa ndiye ndinachita mantha. Ndinapita kukamuuza kuti mkazi wake akudzipha ndi maganizo opanda pake, ndipo ndinapeza kuti maganizowo sanali opanda pake. Ndinati iwe ndiwe mwamuna wamkulu wa imvi m'ndevu, ukufuna mkazi azidwala kuti ukhale munthu? Ndinachoka ndikupsa mtima, ndinafika pamsika n'kukangana ndi wogula wosalakwa chifukwa chofinya tomato.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Lachisanu Vainess anasala, anadwala. Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi ndinaona Lawrence ataima ndi abusa pansi pa belu nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Sanandiuze zimene anakamba. Vainess anadziwa kuti ndaulula, ndipo anandipatsa moni wa anthu osadziwana.

Lachitatu ndinalawirira kunyumba kwawo, ndikunamizira kubwereka sefa. Ndinapeza ana atapita kusukulu, Vainess akumanga matumba panjinga, ndipo Lawrence akutuluka kukhitchini ndi mbale ya phala ndi kapu ya tiyi. Anaziika pakhonde.

"Amake Chance, idyani."

"Mukudziwa tsiku la lero."

"Ndikulidziwa kuposa inu. Kuyambira lero wosala ndine. Ndakamba ndi abusa, ati palibe choletsa."

"Lonjezo ndinapanga ndine."

"Amene ankawoloka mtsinje ndine. Mulungu amandidziwa nkhope. Njala ikhale yanga."

Vainess anamasula chingwe cha panjinga, n'kuchimanganso. Anapita kukatseka khola limene linali lotseka kale. Anabwerera n'kuima pamwamba pa mbale ija.

"Mukawoloka?"

"Sindingalumbire. Koma mukapanda kudya, ndikhala pano mpaka madzulo, chitseko cha anthu osachikhoma."

Anatenga kapu. Anaigwira mpaka tiyi kusiya kutuluka nthunzi, kenako anamwa. Anadya phala theka, misozi ikugwera m'mbale momwemo, ndipo anatenga botolo la madzi limene Lawrence anamupatsa. Sefa ndinaiiwala.

Tsiku limenelo pamsika linali lalitali kuposa masiku onse amene ndagulitsapo tomato. Vainess anapeta thumba lonse kawiri. Wogula akafika ankamuyeza mpunga maso ali kumsewu wopita kumtsinje. Dzuwa litafika pamutu ndinamukakamiza kudya mbatata ndi kumwa madzi, ndipo anamwa akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Ndinkamufunsa kuti mlamu, zayamba? Ankati ayi. Patapita kanthawi ndinkafunsanso. Anati ndikafunsanso andithira mpunga m'nsomba.

Ndiye a Jack ndi a Meshack anadutsa, akuseka, kulowera kutsidya. Anachokera mbali ya shedi ya Lawrence. Iye sanali nawo, koma njira zopita kumtsinje n'zambiri, ndipo mlongo wanga amazidziwa zonse.

Ndinapirira pang'ono, kenako ndinati ndikupita kuchimbudzi. Ndinathamangira ku shedi. Ndinapeza patsekedwa, chitseko chimene ankakhoma chili chogoneka panja, utuchi uli mbwee. Woyandikana naye anati wachoka masana osatsanzika. Ndinabwerera ndikukonza bodza m'mutu, koma Vainess anangondiyang'ana kamodzi n'kudziwa.

"Kulibe," anatero.

"Mwina apita kukagula misomali."

Mutu wake unali mbee, maso akuona bwinobwino, Lachitatu loyamba pa zaka zambiri, ndipo sindinamuonepo akuvutika ngati tsiku limenelo. Anati akanangopirira. Anati wagulitsa mwamuna wake ndi mbale ya phala. Ine amene ndinayambitsa zonsezi ndinasowa poyika manja, ndinangoyamba kupukuta tomato mmodzimmodzi.

Mithunzi itatalika, anthu ayamba kulongedza, ndinamuona Lawrence akubwera kuchokera kumapeto kwa msika. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili pamutu, ndipo pafupi ndi ogulitsa makala anadzandira. Amayi a matebulo oyandikana anatembenuka kumuyang'ana. Vainess anaika lichero pansi.

Lawrence anafika n'kutsamira tebulo ndi manja onse. Maso anali ofiira, milomo yotuwa. Sanapereke moni. Anaweramira kwa mkazi wake n'kumuuzira mpweya kumaso, haa, pamaso pa msika wonse.

Vainess anatseka maso n'kununkhiza. Ananunkhizanso.

"Mukununkha njala," anatero.

"Atandiitana a Jack miyendo inayamba yokha. Ndinafika mpaka pamchenga. Ndiye ndinati ndikamwa ndaswa kusala, ndipo mawa inu muyambiranso. Ndinabwerera, ndinakadzitsekera m'chipinda." Anafinya pachipumi. "Mutu ukundiwawa, amake Chance. Zaka zonsezi munkamva chonchi?"

"Umenewo ndi wa njala chabe. Wanga simunaumve."

Anatenga botolo lake n'kumupatsa. Lawrence anayang'ana kumadzulo, kumene dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo, n'kupukusa mutu. Vainess anakhala atagwira botololo, onse awiri akuyang'ana komweko.

"Nanga Lachitatu likubwerali?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mudzadye," anatero Lawrence. "Mudzadye m'mawa ndisanachoke, ndidzaone."